Kapu ya Pawindo

Achemwali ake anamusiyira zinthu zitatu: katoni, nsalu ya patebulo ndi kope la sukulu. Zovala achibale anagawana maliro atatha, foni inapita kwa msuweni, koma katoniyo palibe amene anaikhumbira. Onse ankadziwa zimene zinali m'katimo.

Anthu a m'dera lawo ankamutchula Pulofesa. Dzinalo linayamba ngati ulemu chaka chimene analowa koleji, n'kusanduka chitonzo atabwerako chaka chachiwiri chisanathe. Anabwera kudzaika maliro a achemwali akewo, osabwereranso. Omufunsa ankawayankha kuti akupuma kaye. Miyezi isanu inatha akupumabe.

Lachisanu m'mawa anasenza katoni ija kupita nayo ku holo ya kuseri kwa laibulale. Achemwali ake anali atapempha holoyo asanamwalire, ndipo mayi woyang'anira malowo sanafufute dzina lawo m'buku mwake.

"Ndiwe mlongo wake uja?" anafunsa mayiyo, makiyi akulira m'manja. "Mwafanana mphumi. Iyeyo anandizunguza mutu, ndikuuze. Ndimufunsa kuti zithunzi zako tipachika khoma liti, iye akuti, 'Mayi, chithunzi ndilibe ngakhale chimodzi, mungondipatsa tebulo lalitali ndi madzi.' Ndinati mwana iwe, ukutsegula lesitilanti?"

"Ndiye anati chiyani?"

"Akuti eya, koma yopanda makasitomala." Mayiyo anaseka, kenako kusekako kunathera panjira. "Pepa mwanangu. Folo koloko akwaya akufuna holoyi. Uli ndi tsiku limodzi basi."

Achemwali ake anali ndi khunyu kuyambira ali mwana. Ankagwira ntchito pamalo osindikizira mabuku, kupinda mapepala ndi kumata zikuto, ndipo zala zawo zinali zosalakwitsa. Pepala ankalipinda osayang'ana, nsonga n'kukumana ndendende. Kuchipatala anali atanena kambirimbiri kuti matendawo sapatsirana, koma anthu anali ndi sukulu yawoyawo. Ankati malovu a munthu wakugwa akakukhudza, nawenso uyamba kugwa. Motero kulikonse kumene achemwali ankapita, pankakhala kapu yawo yapadera. Palibe ankawauza. Ankangoona kuti yawo ili ndi kachingwe pachogwirira, kapena kadontho ka penti kunsi, kapena imakhala pamwamba pa kabati pamene anzake ali m'beseni limodzi.

Wina akanalira, wina akanatukwana. Iwo anayamba kupempha makapuwo. Akatha kumwa ankamwetulira n'kunena kuti, "Kapuyi ndaikonda, ndingapite nayo?" Anthu ankavomera msangamsanga, ena mpaka kuwakulungira m'nyuzipepala, pansi pa mtima akukondwa kuti chinthucho chachoka m'nyumba.

"Waona, Pulofesa," ankatero akafika kunyumba, akuika kapu yatsopano m'katoni. "Pabanja pano palibe amene amalandira mphatso zambiri ngati ine. Iwe ndi nzeru zakozo unapatsidwapo chiyani?"

Achemwaliwo anagwa m'bafa m'mawa wina, m'nyumba mulibe munthu, osadzukanso. Kuholo kunali kutatsala milungu itatu. Mayi wa makiyi atamva, anasuntha tsikulo, n'kulisunthanso kachiwiri, mpaka Pulofesa atapeza mphamvu zonyamula katoniyo.

Anatsegula kope lija pa tsamba loyamba. Malangizo anali ochepa, olembedwa ndi dzanja lowongoka:

Yala nsalu. Kapu iliyonse pakamkombero kake, khadi lake patsogolo. Thira madzi mpaka theka. Usachotse chizindikiro chilichonse. Usatchule dzina la munthu. Usauze munthu kuti amwe, usamuletsenso. Kapu imene wina wamwera, isiye choncho. Ntchitoyi sinathe mpaka wina atamwa.

Atayala nsalu ija anaima kaye, manja m'chiuno. Inali yoyera, yaitali kukwana tebulo lonse, ndipo pakati pake achemwali anali atapeta timikombero khumi ndi tinayi ndi ulusi wofiira. Panalibe tiwiri tofanana. Anali atayeza kunsi kwa kapu iliyonse n'kusoka molondola, moti kapu yachitsulo sikanakhala pamalo a yagalasi. Pulofesa anayesa kusinthanitsa ziwiri, zinakana. Anapukusa mutu. Munthu amene anthu ankamuyankhula mokweza mawu ngati wogontha, amene ankamubisira mipeni, anali atapatsa chipongwe chilichonse mpando wokwana bwino.

Anamasula makapuwo imodziimodzi. M'kati mwa iliyonse munali kakhadi kodulidwa ndi mpeni wa kuntchito kwawo.

Kuntchito. Selotepi yakuda pachogwirira. Zaka zisanu ndi chimodzi.

Kwa aneba. Inkakhala pansi pa sinki, pafupi ndi sopo.

Ku ukwati wa msuweni. Yatsopano, anaigulira ine ndekha. Zikomo.

Kwa mnyamata amene ankati adzandikwatira. Amayi ake anaikanda ndi msomali.

Panalibe mawu odandaula ngakhale amodzi. Pulofesa ankawerenga, mkwiyo ukukwera pang'onopang'ono, mkwiyo wokoma wa munthu amene akudziwa kuti olakwa ndi ena. Lero aona, anatero mumtima. Abwere onse adzaziwerenge.

Pansi penipeni pa katoni panatsala mpukutu umodzi wopepuka. Anaumasula.

Inali kapu ya pulasitiki yabuluu, yolumidwalumidwa m'mphepete. Mano amene anailumawo anali ake, a masiku a mayeso.

Chaka chake choyamba ku koleji, achemwali anakwera mabasi awiri kudzamuona. Anamubweretsera makope atatu amene anamata okha. M'chipindamo munali anzake awiri ogona nawo, ndipo mmodzi anali wochokera kufupi ndi kwawo, wodziwa nkhani yonse. Kunali dzuwa, achemwali anapempha madzi. Iye anawapatsa m'kapu yabuluuyo. Atamwa, anailandira, n'kutembenukira ku beseni la mbale. Apo m'pamene anaona mnzake uja akumuyang'ana. Ndipo Pulofesa, amene anali atakhoza bwino phunziro la za thupi la munthu, amene ankatha kufotokoza pa bolodi mmene khunyu imayambira muubongo, anapitirira beseni lija n'kukaika kapuyo pawindo, kuseri kwa katani. Achemwali ankayang'ana zithunzi za pakhoma nthawi imeneyo. Madzulo kapuyo sanaipeze. Anati mwina yagwa ndi mphepo.

Kakhadi kake kanati: Ku koleji. Ilibe chizindikiro. Inaikidwa pawindo. Iyi sindinapemphe, ndinangotenga.

Anakhala pansi pa simenti. Chaka chonse chotsatira achemwali anapitiriza kumuimbira foni Lamlungu lililonse, kumuseka za ndevu zake zitatu, kumufunsa ngati akudya. Za kapu sanatchulepo.

Makiyi analira pakhomo. Pulofesa anaponya kapuyo ndi khadi lake m'chikwama, n'kutseka zipi. Pansalu panatsala kamkombero kamodzi kopanda kanthu, kakumuyang'ana ngati diso. Anathira madzi m'makapu khumi ndi atatu aja, kenako anaika jagi pakamkomberoko. Inaphimba bwinobwino.

"Tatsegula," anatero mayi wa makiyi.

Oyamba kulowa anali ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Anazungulira tebulo akuseka, kenako anayamba kuwerenga, kuseka n'kuchepa. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Ndiye ankamwera zonsezi yekha?" Aphunzitsi anati, "Manja kumbuyo nonse." Ana onse anaika manja kumbuyo.

Kunabwera bambo wa jekete amene anayenda ulendo umodzi kuchokera uku kufika uko. "Achimwene, zaluso zake zili kuti? Makapu ndili nawo kunyumba. Ndikawabweretsa nanenso mundipatsa holo?"

"Bweretsani, bwana, ngati alipo amene anakupatulirani," anayankha Pulofesa.

Bamboyo anawerenga khadi limodzi, kenako lachiwiri. Anatuluka osatsanzika.

Chakumasana kunafika mkulu wa makina wa kosindikizira mabuku kuja, inki ikadali m'zikhadabo. Anaima nthawi yaitali pa kapu ya selotepi yakuda. "Selotepiyi ndinamata ndine," anatero, osayang'ana munthu. "Anandituma abwana. Mtsikana ameneyu ankandithandiza kuwerenga makalata a mwana wanga." Dzanja lake linanyamuka, linafika pafupi, n'kukathera m'thumba la ovololo. "Ndadya kumene," anatero, ngati kuti wina wamufunsa.

Mayi wina anabwera ndi kamwana ka zaka zitatu. Kamwanako kanali ndi ludzu ndipo kanatambasula dzanja ku kapu yagalasi. Pulofesa anasendera pafupi. Koma mayiyo anakamenya padzanja, phwa! "Zauve izo!" Anakakoka kakulira.

"Tilembe chikwangwani," anatero mayi wa makiyi. "Tingoti IMWANI, zilembo zikuluzikulu. Anthu akuopa kuti tiwakalipira."

"Anakana. Akuti tisauze munthu."

"Nanga iwe bwanji osangomwa, nkhani ithe?"

"Ine ndi wachibale. Sizingawerengedwe."

Mayiyo anamuyang'ana m'maso kanthawi, n'kubwerera ku mpando wake. Pulofesa anadziwa kuti wanama. M'kope munalibe lamulo lotero. Kungoti sakanatha kunyamula kapu ya manyazi a munthu wina, yake ili m'chikwama.

Dzuwa linapendeka. Pamwamba pa madzi m'makapu munayamba kuoneka kafumbi. Hafu pasiti fili, akwaya awiri anali atafika kale panja, akuyesa mawu chapansipansi. Ndiye m'pamene analowa azakhali ake, mlongo wa bambo awo, ambulera kukhwapa, thukuta lili kamukamu.

Sanapereke moni. Anayenda m'mbali mwa tebulo mpaka anaipeza: kapu yadothi yamaluwa, ya ulusi wofiira pachogwirira.

"Ndiye n'zoona," anatero. "Amayi a kumsika andiuza kuti mwana wa achimwene anga wayanika banja lonse pa tebulo. Ndabwera kudzatenga kapu yanga."

"Si yanu, azakhali. Munawapatsa."

"Ndinamupatsa kuti azimwera, osati kuti tauni yonse izindiloza chala!"

"Dzina lanu palibe."

"Dzina la chiyani? Ndani sadziwa makapu anga amaluwa? Taona zimene walemba." Anawerama, akuwerenga ndi chala. "'Yabwino kuposa onse m'nyumbamo. Ulusi wofiira.' Waona? Iye yemwe wavomera. Ndinamupatsa kapu ya alendo, ana anga akumwera za pulasitiki."

"Nanga ulusiwo unali wa chiyani?"

Azakhali anawongoka. "Iwe, usandiyankhule ngati uli pa bolodi. Akagwa kwathu ankamugoneka chammbali ndani? Ankamutsamiritsa pamwendo ndani, mpaka atatsitsimuka? Pabenchi ya kuchipatala ankakhala ndani, iwe uli kowerenga mabuku? Ndinali ndi ana ang'onoang'ono anayi. Anthu ankanena zambiri. Ndinkaopa. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ine sindikanawapatula," anatero Pulofesa, ndipo mawuwo anatuluka mosavuta mpaka anadabwa. "Adokotala anakuuzani. Ine ndinakuuzani. Munthu ankakukondani, inu n'kumamumangira ulusi ngati nkhuku ya eni. Mukuganiza kuti sankaona? Ankaona zonse, azakhali. Zonse."

Azakhali anayang'ana uku ndi uku, kufuna pogwira, ndipo maso awo anagwera pa jagi. Inali itachita thukuta, madzi akutsikira pansalu.

"Taonani ophunzira," anatero ndi mawu osweka. "Jagi yonyowa pa nsalu yoyera. Mwana anasoka miyezi ingati nsalu imeneyi, iwe n'kumaiwononga tsiku limodzi? Unaleredwa ndi ndani?"

Azakhali anainyamula jagiyo Pulofesa asanatsegule pakamwa.

Kamkombero kofiira kanaonekera, konyowa, kopanda kanthu. Azakhali anakayang'ana. Anawerenga makapu ndi chala, milomo ikuyenda, kenako anawerenga timikombero.

"Apa pakusowa imodzi. Waswa?"

Akanatha kunena kuti inde. Yankholo anali atapatsidwa kale, longofunika kulivomera. Panja akwaya anali atachuluka, wina akuseka. Pulofesa anayang'ana ulusi uja, mmene singano inalowera ndi kutulukira mofanana kuzungulira konse. Achemwali anasoka kamkombero kameneka mosamala ngati tinzake tonse. Sanakakulitse pofuna kumulanga, sanakachepetse pofuna kumubisa. Anangokapatsa malo ake pakati pa tinzake.

Anatsegula zipi ya chikwama. Kapu yabuluu inakhala pakamkomberoko ndendende, osatsala mpata ngakhale wa tsitsi. Anaika khadi patsogolo pake n'kubwerera m'mbuyo.

Azakhali anawerenga pang'onopang'ono. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Ku koleji," anatero. "Nawenso?"

"Nanenso."

"Ndi mabuku onse aja?"

"Ndi mabuku onse aja, azakhali."

Anayembekeza kuti amulalatira, ndipo akanakonda zimenezo. Koma azakhali anangotulutsa mpweya wautali, n'kutsamira ambulera yawo.

"Anyani sasekana zikundu, mwana wa achimwene anga," anatero motsitsa. Kenako anapukusa mutu, kumwetulira kukulimbana ndi misozi. "Koma mtsikana ameneyu! Kutiitana tonse pa tebulo limodzi, iye kulibe. Ndipo palibe amene wamutukwana. Ine ndikanalemba mayina, ndi manambala a nyumba omwe."

Pulofesa anatenga jagi m'manja mwawo. Anathira madzi m'kapu yabuluu mpaka theka, monga mwa kope. Madzi ena anatayikira pansalu, azakhali osamukalipira. Anaikweza. Inkanunkha nyuzipepala yakale. Milomo yake inapeza malo olumidwa aja, ndipo anaganiza kuti womaliza kuika milomo pamenepo anali achemwali, tsiku ladzuwa lija, atatsika basi yachiwiri. Anamwa onse. Anali madzi wamba a pampopi, ofunda pang'ono.

Atatsitsa kapu anaona azakhali atanyamula yamaluwa ija. Anaganiza kuti akuiika m'chikwama. Koma iwo anagwira nsonga ya mpango wawo n'kuyamba kupukuta m'mphepete mwa kapuyo, mwachizolowezi, mmene ankachitira zaka zonse. Pakati pa kupukutako dzanja linaima. Anayang'ana mpangowo, anayang'ana kapu. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Dzanja ili," anatero. "Lili ndi mutu wakewake."

Anasiya mpango. Anatembenuza kapuyo kuti mbali imene sanapukute ibwere kukamwa, n'kumwa, kafumbi ndi komwe. Atatha anaibwezera pakamkombero kake, n'kuitembenuza mpaka ulusi wofiira unayang'ana kukhomo, kumene aliyense wolowa akanauona.

Mayi wa makiyi anali ataima pakhomo, nsana utatchinga akwaya. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa folo.

"Lowani," anawauza, "koma tebulo ili silisuntha. Lero muimba moyang'anana nalo."

Akwaya analowa, mafayilo a nyimbo m'manja, n'kuzungulira tebulo monga anachitira ena onse. Mayi wina wa mawu okhuthala anawerenga makhadi atatu, kenako analoza ndi fayilo yake.

"Nanga ziwirizi zilibe madzi bwanji? Zikudontha?"

Pulofesa anatsegula pakamwa, koma azakhali anamutsogolera. Anali atakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kapu yawo, ambulera pamiyendo.

"Tamwa ndife," anatero.